Funsani Dokotala: Mwana wanga wakwanitsa zaka 2 koma sakulankhula

Adokotala, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3. Amathamanga bwinobwino koma mawu amene amatchula ndi "mama" basi. Akafuna madzi amangondikoka chitenje. Apongozi anga akuti tikamudulitse kamtsempha ka pansi pa lilime, pomwe bambo ake akuti vuto n'loti pakhomo timasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka. Nditani? Ndine mayi wa ku Area 25.

Mayi, lilimelo lisiyeni, ndipo pasapezeke munthu woyandikira pakamwa pa mwanayo ndi lezala. Kamtsemphako kakafupika kamavutitsa khanda poyamwa, mwinanso kusokoneza katchulidwe ka mawu ena, koma sikaletsa mwana kuyamba kulankhula. Kudulira kunyumba kumangobweretsa magazi ndi chilonda. Bambo akenso mtima ukhale m'malo: mwana amatha kukula ndi zilankhulo ziwiri popanda kuchedwa. Akanena "madzi" lero, mawa "maji", onsewo timawawerenga kuti ndi mawu amene akuwadziwa.

Komabe nkhawa yanu ndi yomveka. Ana ambiri amatchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 amakhala akulumikiza mawu awiri, monga "ndifuna phala". Wanuyu watsalira, tsono tiyenera kudziwa chifukwa chake.

Ine ndingayambire ku makutu. Mwana amalankhula zimene wamva, ndipo amene amamva pang'ono chabe amapusitsa makolo. Chitseko chikamenyeka amatembenuka, inu n'kumati akumva, chonsecho mawu a anthu amamufika osamveka bwino. Muyeseni chonchi: akamasewera pamkeka, imani kumbuyo kwake pomwe sakukuonani, muitaneni dzina motsitsa mawu. Kenako mutumeni kuti "katenge nsapato" osaloza ndi chala, osayang'ananso komwe kuli nsapatozo. Kumbukiraninso ngati anatulukapo mafinya m'khutu, ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, matenda oumitsa khosi, kapena chikasu ali wakhanda. Zonsezi zingathe kuwononga kamvedwe kapena kuchedwetsa kulankhula.

Onaninso ngati amaloza chinthu pofuna kukuonetsani, amakuyang'anani m'maso, komanso ngati amasewera zoyerekeza, monga kubereka chidole. Mwana wochita zimenezi, yemwenso akumva zomwe mukumuuza, nthawi zambiri amadzawapeza anzake. Amene sachita zimenezi, kapena amene anali ndi mawu kenako n'kuwataya, afunika kuonedwa msanga.

Musadikire tsiku la sikelo. Tengani buku lake la kuchipatala, mupite ku chipatala cha kwanuko, mukanene mosazungulira kuti mukufuna amuyeze makutu ndi kakulidwe. Angathe kukutumizani ku Kamuzu Central Hospital, ndipo ku African Bible College, ku Area 47, kulinso chipatala choyeza makutu. Kuyeza kakulidwe si kungomuyang'ana ayi. Kuli ndondomeko yotchedwa MDAT, yomwe Melissa Gladstone ndi anzake anaikonza poyeza ana a konkuno ku Malawi n'kuisindikiza mu 2010. Imaona zinthu zinayi: kayendedwe ka thupi, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Ubwino wake ngwakuti mwana amafanizidwa ndi anzake okulira m'makomo ngati athuwa.

Pakadali pano muzicheza naye. Mukamatsuka mbale, tchulani kuti "kapu", "supuni", mumupatse agwire. Akakukokani chitenje, gwadani mufanane naye msinkhu, munene kuti "madzi?", mudikire pang'ono musanamupatse. Kudikirako n'kumene makolo ambiri timalephera, timamuyankhira mwana asanatsegule n'kamwa komwe. Foni ya makatuni ichepe, chifukwa imalankhula yokha, siyembekezera kuti mwana ayankhe.

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 11, sakwawa, amangodzikhwekhwereza ndi matako. Ndimugulire kanjinga kophunzirira kuyenda? Ndine bambo wa ku Kawale.

Bambo, ndalamazo sungani. Kanjingako sikafulumizitsa kuyenda, ndipo ana ambiri avulala nako pogwera pakhonde kapena kufika pambaula. Kafukufuku wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO wa mu 2006, yemwe anatsatira ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha kuyambira pa miyezi 8 mpaka pafupifupi 18, ndipo ana 4 mwa 100 alionse sakwawa n'komwe. Odzikhwekhwereza ndi matako amakondanso kuchedwerako kuyenda. Ngati amakhala yekha osagwa, ndipo mukamuimiritsa amaponda ndi miyendo yonse iwiri, musiyeni azisewera pansi, osati kumangokhala kumsana tsiku lonse. Koma mukaona kuti thupi lake n'lolobodoka kapena lolimba gwa, kapena akugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha linalo atalifumbata, pitani naye kuchipatala sabata yomwe ino akamuone a fiziyo, omwe ndi akatswiri othandiza ziwalo za thupi kuti zizigwira bwino ntchito.