Chimbudzi chili kumtunda kwa chitsime: kodi dothi limasefadi?

Funso: Ndimakhala ku Mtandire, chakumunsi kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Timamwa madzi a pachitsime chokumba pamanja ndipo ndi oyera mbee. Aneba akumba chimbudzi chakumtunda kwake, pamtunda wa mamita ngati 10. Amuna anga akuti dothi limasefa zonse. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ana atatu, Lilongwe.

Yankho: Mayi, bambo akunyumbawo sakunama, dothi limasefadi. Koma kuti lisefe bwino, madzi ayenera kuyenda mtunda wautali m'dothimo, ndipo mamita 10 ndi ochepa kwambiri. Azaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, komanso chikhale chakumunsi.

Madzi apansi panthaka sangokhala malo amodzi. Amayenda pang'onopang'ono kutsata kutsetsereka kwa malo mpaka kukafika kumtsinje. Ndiye kuti zotuluka m'dzenje la anebawo, popita ku Lingadzi, zikhoza kudzera pachitsime chanu.

Akatswiri akafuna kudziwa madera omwe madzi apansi angaipe msanga, amagwiritsa ntchito njira ngati ya DRASTIC, yomwe inakonzedwa ku America mu 1987. Amaona kuya kwa madzi, mtundu wa dothi ndi miyala, mvula yolowa pansi ndi zina. Zambiri mwa izi inunso mutha kuziona pakhomo panu. Mu February, mvula itakhathamira, tsitsani chingwe m'chitsime muyeze pomwe madzi ayambira. Akakhala pa mamita 2 kapena 3 okha, n'kutheka kuti pansi pa chimbudzicho pafika kale m'madzi omwewo, pomwe pamayenera kutsala dothi louma la mita 1.5. Onaninso dothi lomwe linatuluka pokumba: makande amachedwetsa madzi, koma mchenga wa m'mbali mwa mitsinje umangowalola kudutsa. Chomwe ine ndimachiopa koposa ndi chitsime chomwe chimada m'mawa mvula ikagwa usiku, chifukwa madzi apamtunda akulowamo osasefedwa n'komwe.

Kuyera kwa madzi kusakupusitseni. Tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso, ndipo mliri womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri.

Yambani lero kuthira klorini kapena WaterGuard, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akuonetsani muyezo wake. Chitsimecho chimangidwe ndi simenti kukamwa, chikhale ndi chivundikiro ndi ndowa yakeyake yotungira.

Pali china chomwe klorini sachotsa, ngakhale kuwiritsa: mchere wa nitrate, wochokera m'zimbudzi ndi m'feteleza wa m'madimba. Umaopsa kwambiri makanda. Ngati muli ndi khanda, madzi ake kaguleni pa kiyosiki ya Lilongwe Water Board. Za chimbudzicho, kalankhuleni ndi anebawo pamodzi ndi amfumu ndi alangizi aja, chifukwa mwina nawonso amatunga pomwepo.