Apongozi andipatsa lezala, amuna anga angoti "kuno akazi amatero"

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31. Kwathu ndi ku Zomba, koma ndikukhala ku Japan, m'chigawo cha Saitama. Amuna anga ndi akonkuno. Tinadziwana atabwera ku Malawi kudzaphunzitsa masamu pa sekondale ina, tinamanga banja, ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 7. Ndi munthu wofatsa, chikwatirane sanandikalipirepo.

Nkhani yanga ndi ya cheya. Ine ndili ndi cheya m'mikono ndi m'miyendo, kutengera mayi anga, ndipo kwathu palibe anandinenapo. Kukhwapa ndimameta monga tinalangizidwira. Mwezi uno kunja kutatentha ndinavala deresi lopanda manja popita kukaona apongozi. Sanalankhule kanthu. Potsanzikana anandipatsa kathumba komanga bwino, kufika kunyumba ndapeza muli lezala, kajuzi kopyapyala ka manja aatali ndi masokosi oyera. Ndinalira usiku wonse. Nditawafunsa amuna anga anangoti, "Amayi akukufunira zabwino, kuno akazi amatero." Kenaka alamu anga aakazi anditumizira uthenga wa malo ochotsera cheya ndi makina, ati ndikangolipira kamodzi ndathana nazo.

Mu August tikupita kumudzi kwawo ku mwambo wa Obon wokumbukira makolo, ndipo andiuza kuti ndikavale yukata, chovala chawo chamwambo cha nyengo yotentha. Mantha andigwira. Kodi akundiona ngati wauve? Ndimete kuti pakhomo pakhale mtendere, kapena ndikane? Chondipweteka koposa n'choti mwana wanga wandifunsa kale ngati nayenso azimeta mikono, chifukwa anzake amuseka pa nthawi yophunzira kusambira kusukulu.

Ine wosowa pogwira, Saitama

Mwana wanga,

Pepani kwambiri. Kulira kwanu ndakumva, ndipo simunalire pachabe: munthu akakhala kutali ndi kwawo, popanda mayi kapena mchemwali woti amuthamangire, kanthu kakang'ono kamabaya mpaka mumtima. Koma tiyeni titsegulenso kathumbako tili awiri, chifukwa zinthu zitatu zili mmenemo sizikunena nkhani imodzi.

Masokosi aja ndi a nyumba. Mukudziwa kale kuti kumeneko nsapato zimavulidwa pakhomo. Chimene alendo ambiri sauzidwa n'choti kuponda ndi phazi lopanda kanthu pa tatami ya eni ake, mphasa zawo zoluka zija, kumaonedwa ngati kusowa ulemu, makamaka nyengo ya thukuta. N'chifukwa chake mayi wa ku Japan akavala nsapato zoonetsa zala amaika masokosi m'kachikwama, n'kuwavala pamene wavula nsapato. Kajuzi kaja nako ndi ka mapewa. Maso a anthu a kumeneko sadabwa ndi siketi yaifupi, koma mapewa ndi chifuwa zikakhala pamtunda, makamaka pamaso pa akuluakulu, amaona kuti munthu wavala mopereweza. Kwathu zimatembenuka: mayi amayamwitsa mwana pagulu osanenedwa, koma ntchafu timabisa, ndipo ngakhale wa thalauza akamalowa pakhomo pa apongozi amamangira chitenje pamwamba. Kajuziko ndi chitenje cha kumeneko. Kavaleni, simutaya kanthu.

Dziwaninso kuti anthu amenewa amavala motsatira kalendala kuposa motsatira thupi. Ali ndi mwambo wotchedwa koromogae: pa 1 June ana asukulu ndi ogwira ntchito zamayunifolomu amasinthira ku zovala za nyengo yotentha, pa 1 October n'kubwerera ku zofunda. Unayambira kunyumba ya mfumu ku Kyoto zaka pafupifupi chikwi zapitazo, ndipo mpaka lero munthu wovala nsalu yosemphana ndi mwezi amadziwika msanga. Ngakhale kuvula tayi mu ofesi kunachita kudikira boma, pamene linayambitsa Cool Biz, ndondomeko yovala mopepuka nyengo yotentha, mu 2005. Kwanu ku Saitama ndi kotentha zedi, mzinda wa Kumagaya unafika madigiri 41.1 pa 23 July 2018, komabe mumawaona amayi atanyamula maambulera kopanda mvula, mikono itakutidwa mpaka m'zala. Iwo akuthawa dzuwa pofuna kusunga khungu loyera. Mpikisano umenewo si wanu, ndipo musaulowe.

Tsopano lezala. Sindikubisirani: ku Japan akazi ambiri amameta miyendo, mikono, kukhwapa, ngakhale kacheya ka kumaso ndi ka kumbuyo kwa khosi, ndipo amakuwerengera m'gulu la kudzisamalira asanakaonekere kwa anthu. June akangofika, manja a malaya n'kufupika, m'sitima mumadzaza zithunzi zoitanira akazi kukachotsa cheya. Apongozi anu anakulira m'maganizo amenewa. Ndikuona kuti akuopa pakamwa pa anansi a kumudzi pa Obon, pamene abale onse amasonkhana, ndipo anasankha kukupatsani mwakachetechete, chokulungakulunga, poganiza kuti akukupulumutsani ku manyazi. Kwa iwo kunena maso ndi maso kukadakhala chipongwe chachikulu. Izi sizichotsa ululu wanu, koma zikusonyeza kuti m'kathumbamo simunali chidani.

Ndipo imvani bwino, cheya si litsiro. Munthu wosamba ndi waukhondo, kaya ali ndi cheya kaya alibe. Mtundu uliwonse umangosankha pamene umameta. Kumbukirani zimene anankungwi anakulangizani za kumalo obisika, mmene anatsindikira kuti mkazi wapabanja asalekerere. Ku Japan, kwa zaka zambiri, akazi ambiri sankameta n'komwe kumalo obisikako, ndipo aliyense wolowa mu onsen, malo osambira pagulu a madzi otentha, amadzionera yekha. Ndi posachedwapa pamene achitsikana ayamba kuchotsako. Kodi inu munawatchapo auve? Ayi. Eni akenso sagwirizana onse pa nkhaniyi. Mu 2020 kampani yopanga malezala ya Kai inaika chikwangwani chachikulu ku Shibuya, mumzinda wa Tokyo, choonetsa mtsikana atakweza manja, tsitsi la kukhwapa lili poyera, uthenga wake uli woti mwini thupi ndiye asankhe kumeta kapena ayi. Ngati wogulitsa lezala akutero, ndiye kuti akazi otopa ndi lamulo losalembedwali alipo ambiri.

Maganizo anga ndi awa. Pa zovala, gonjerani ndi mtima woyera, pakuti kwa eni kulibe mkuwe. Pa thupi lanu, chigamulo ndi chanu. Mukafuna kumeta mikono sabata ya Obon kuti mukakhale momasuka, metani, ndipo musadzione ngati mwagulitsa kwanu. Mukapanda kufuna, musamete. Chimene sindifuna ndi choti mugwire lezala mukulira.

Za yukata musade nazo nkhawa kwambiri, chifukwa ndi chovala chokubisani bwino kuposa deresi lililonse. Chimafika mu akakolo, manja ake ndi otambalala. Pamene chimaonetsa ndi kumbuyo kwa khosi, poti kolala amaikokera m'mbuyo pang'ono ndipo tsitsi amalimangira m'mwamba, n'chifukwa chake akazi ena amapita kukametetsa pamenepo kwa ometa a chiphaso, amene lamulo limawalola kugwiritsa lezala pakhungu la munthu. Inu tsitsi lanu ndi lopotana, lezala ikadutsa pakhosi mutha kutuluka tiziphuphu tonyerenyetsa m'thukuta la August. Kungolisalaza ndi makina odulira tsitsi n'kokwanira. Chofunika kwambiri kuposa cheya ndi ichi: mbali ya kumanzere ya yukata ndiyo imakhala pamwamba. Mukatembenuza, mwavala mmene amavekera maliro, ndipo pa mwambo wa mizimu ya makolo cholakwa chimenecho chingawawawe kuposa mkono wosameta. Choncho apempheni apongozi kuti akuvekeni okha. Imani chilili, mikono mutatambasula, iwo akukokerani nsalu m'chiuno, akuzunguliza lamba wa obi, akumanga mfundo kumsana n'kumenyamenya kuti ikhale bwino. Mayi wachikulire akapemphedwa kuphunzitsa mkamwana wake amafewa mtima, ndipo pobwera kukatuluka nanu pagulu amakhala akunyadira ntchito ya manja ake.

Pa za makina a alamu anu, apa ndiye ndikukuletsani kuthamanga. Kuwala kwa makina amenewa kumalondola mtundu wakuda wa m'tsitsi kuti kuotche muzu wake. Pakhungu loyera la tsitsi lakuda kumapeza tsitsi lokha. Pakhungu ngati lanu ndi langa, khungunso limamwa moto womwewo, ndipo munthu atha kupsa, kutuluka matuza, kapena kutsala ndi mawanga oyera ndi akuda osafufutika msanga. Makina ambiri a m'masaluni kumeneko anapangidwira khungu la eni dziko. Ngati tsiku lina mudzafuna nokha, pitani kuchipatala cha khungu kwa dokotala, funsani ngati ali ndi makina a kuwala (laser) a mtundu wa Nd:YAG, amene amagwirizana bwino ndi khungu lakuda, ndipo ayambe ayesa kachigawo kakang'ono. Zoti kamodzi n'kutha si zoona. Munthu amabwerera kangapo kwa miyezi yambiri. Ndalamanso chenjerani nazo. Pakati pa 2022 ndi 2024 makampani akuluakulu angapo ochotsa cheya anagwa, anthu zikwizikwi amene analipiriratu n'kutsala manja ali m'khosi. Mukadzapezeka kuti akunyengererani mwasaina, lamulo limakupatsani masiku 8 oti muthetse mgwirizano ngati uli wopitirira mwezi umodzi ndiponso woposa ma yen 50,000, ndipo nambala ya boma yothandiza ogula ndi 188.

Koma mwana wanga, chimene chakulizani usiku wonse sindikhulupirira kuti ndi lezala. Ndi yankho la amuna anu. Bambo ameneyu anakhala ku Malawi, anadya nsima ndi manja, anakuonani mmene mulili dzuwa likuswa mtengo, nakusankhani. Lero sangabisale kumbuyo kwa "kuno akazi amatero." Kukadakhala kwathu mukadatuma ankhoswe. Kumeneko mulibe, ndiye nkhoswe yanu kwa apongozi ndi iyeyo basi. Mkamwana akatsutsa apongozi pamaso pawo, bala lake limachedwa kupola, pomwe mwana wawo wobereka akanena mawu omwewo amangopita ngati madzi.

Dikirani mwana agone, musayambe ndi mlandu. Auzeni kuti, "Bambo, mphatso ya amayi ndailandira, masokosi ndi juzi ndizivala. Koma lezala yandipweteka, ndipo yankho lanu landisiya ndekha." Kenaka afunseni molunjika ngati iwo eni cheya chanu chimawavuta. Mwina mudzapeza kuti sanaganizepo n'komwe, amangothawa kukangana ndi mayi awo, monga amachitira amuna ambiri ofatsa. Akatero, apempheni akauze amayi awo ndi pakamwa pawo kuti khungu la mkazi wawo limatupa ndi lezala, kuti makina aja ndi oopsa kwa iye, ndi kuti iwo amamukonda mmene alili. Akavomera kuti iwonso angakonde mutameta, musapse mtima, amvetsereni. M'banja munthu amaloledwa kupempha. Koma likhale pempho la mwamuna kwa mkazi wake kuchipinda, osati lamulo lochokera kwa apongozi lodzera mwa iye. Ndipo popita kumudzi musapite chimanjamanja. Kumeneko mphatso imabwezedwa ndi mphatso. Tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu, ngati muli naye, adzakulankhulirani zambiri.

Nkhani ya mwana ndiyo yosayenera kudikira. Wa zaka 7 asagwiritsidwe lezala, ngakhale atalira. Mwana wa makolo amitundu iwiri amakhala kale ndi zambiri zomusiyanitsa ndi anzake, tsitsi, khungu, dzina, ndipo mukamumeta lero mwamuuza kuti omusekawo akunena zoona. Mukhazikeni pamwendo, ikani mkono wanu pafupi ndi wake, mumuuze kuti cheya chimenechi ndi cha agogo ake a ku Zomba, ndi kuti akadzakula adzasankha yekha chochita nacho. Samalaninso zimene mumalankhula za thupi lanu iye akumva. Kusukulu nako kudziwe. Ana a pulayimale kumeneko amayenda ndi kabuku kolemberana pakati pa makolo ndi aphunzitsi; amuna anu alembemo m'chinenero chawo, atchule tsiku ndi zimene zinanenedwa, apemphe kuonana ndi mphunzitsi wa kalasi. Kuyambira 2013 Japan ili ndi lamulo lokakamiza sukulu kufufuza ndi kuchitapo kanthu mwana akadandaula kuti akuzunzidwa ndi anzake, choncho simukupempha chifundo. Sukulu zambiri zimatsekera cha m'ma 20 July, ndiye alembe sabata ino maphunziro osambira asanathe.

Azakhali