Tifunseni za Makina: Chainsaw Yomanga Nokha Kuchokera M'katoni

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Mangochi, ndipo pafupifupi onse akufunsa za chainsaw zogula zidutswazidutswa.

FUNSO: Ndine kalipentala ku Namwera. Mlamu wanga ali ku Joni ndipo wanditumizira katoni ya zipangizo za chainsaw yofanana ndi Stihl MS 660, koma si za kampani ya Stihl. Chilichonse chili pachokha m'timajumbo. Ndiyambire pati, nanga ingakhalitse?

YANKHO: Ingakhalitse bambo, bola musaimange mongolumikiza momwe yabwerera. Makatoni otere ambiri amachokera ku China, ndipo popeza makinawo sanamangidwe, palibe amene anawalizapo kuti awayese. Woyesa ndinu. Injini yake ndi ya 91.6 cc, pisitoni ya 54 mm, ndipo imazungulira mpaka maulendo 13,500 pa mphindi. Pa liwiro lotere kakang'ono kalikonse kolakwika kamaononga injini yonse.

Yambani ndi kutsuka zitsulo zonse m'parafini. Mukayang'ana pansi pa beseni mukatha, nthawi zambiri mupezapo timinyenyeswa ta chitsulo totsalira ku fakitale. Kenako yendetsani chala m'mphepete mwa mabowo a m'kati mwa silinda. Pakakhala pakuthwa, palani pang'ono ndi sandipepala wosalala, chifukwa ring'i ikakodwa pamenepo imathyoka.

Mabeyaring'i osawamenya ndi hamala. Aikeni mufiriji usiku wonse, ngakhale ija yosungiramo chambo, ndipo crankcase, chigoba chimene mumakhala kilanki, muitenthetse mu uvuni kapena ndi heat gun kufika cha m'ma 120°C. Beyaring'i yozizira imangolowa yokha m'malo mwake. Yolowa momenya imapendekera, ndiye kilanki siyenda momasuka.

Musanaveke pisitoni maring'i, lowetsani ring'i imodzi payokha m'silinda, muyeze mpata wa pamene nsonga zake zakumana. Ukhale 0.2 mpaka 0.3 mm. Nsonga zikagundana, palani ndi tupa, apo ayi injini ikatentha ring'i idzasowa kofutukukira n'kukanda silinda. Muvi wojambulidwa pamwamba pa pisitoni uloze ku ekizozi. Timawaya tiwiri totseka pini ya pisitoni, tija amati ma circlip, n'timene timapha makina ambiri a m'katoni. Tayani tobwera m'katonito mugule ta Stihl, ndipo kukamwa kwake kuyang'ane m'mwamba kapena pansi, osati cham'mbali.

Mukamanga silinda, yezani mpata wa pakati pa pisitoni ndi denga la silinda. Lowetsani waya wofewa wa solder pa bowo la pulagi mpaka nsonga yake igunde khoma, zungulitsani flywheel (gudumu lomangidwa pa kilanki) ndi dzanja kuti pisitoni iuphwanye, muutulutse n'kuyeza. Ukhale 0.5 mpaka 0.6 mm. Ukachepera apo ikani gasiketi yokhuthala, chifukwa pisitoni idzamenya denga. Ukapitirira 1 mm makina adzalira ndithu, koma ofooka. Pakati pa koilo ndi flywheel siyani 0.3 mm, ndipo khadi ya mayunitsi ija ya pepala imayandikira muyeso umenewu. Pulagi gulani NGK BPMR7A, mpata wake 0.5 mm.

Chomaliza ndi chimene ambiri amalumpha chifukwa chofulumira kumva kulira: kuyesa ngati injini ikuba mpweya. Dulani tizidutswa tiwiri ta chubu chakale cha njinga, mutseke nato kumbuyo kwa kabuleta ndi kumbuyo kwa ekizozi. Pulagi ikhale yomanga. Popani mpweya kudzera pa kapaipi ka impulse, kochokera ku crankcase kupita ku kabuleta, mpaka geji ifike 0.5 bar. Musapitirize, mungatulutse ma seal, timphira totseka mpweya m'mbali mwa kilanki. Singano ya geji iime osachepera masekondi 20. Ikamatsika, pakani madzi a sopo pa ma seal a kilanki, pansi pa silinda ndi pa mphira ya kabuleta, thovu likuonetsani pobowoka. Ngati pampu yanu imakokanso mpweya, yesani mokoka, pakuti seal ina imagwira mukapopa koma imalephera mukakoka.

Ife tikuona kuti ma seal, mapaipi a mafuta ndi ma circlip ndi bwino kugula enieni, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi silinda. Chain brake muiyese musanadule kanthu. Ikapanda kuimitsa tcheni nthawi yomweyo, makinawo asagwire ntchito. Matanki atatu oyamba musaiputize mpaka pamapeto ili yosadula kanthu.

FUNSO: Ndili ku Monkey Bay. Yanga ndi yotengera Husqvarna 372XP. Inagwira pisitoni itangotha milungu iwiri. Ndinagula silinda ndi pisitoni zina, koma yagwiranso. Pisitoni yakandika mbali ya ku ekizozi. Kodi zipangizozi n'zachinyengo?

YANKHO: Achimwene, mwasintha chimene chinafa koma chimene chinapha chikadali momwemo. Mukagula yachitatu idzagwiranso.

Pisitoni imanena yokha chimene chaipha. Ikakandika mbali ya ku ekizozi yokha, injini imatentha chifukwa mpweya unachuluka, mafuta n'kuchepa. Ikakandika kuzungulira konse, m'petulo munalibe oilo wokwanira. Ikaperepeseka mbali ya ku kabuleta n'kuoneka yotuwa ngati yapalidwa, ndi fumbi lolowera pa sefa ya mpweya, ndipo ndi mchenga wa kunyanja kwanuko vuto limeneli silisowa. Yanu ndi ya mtundu woyamba.

Yesani mpweya monga tafotokozera bambo a ku Namwera. Makina oba mpweya amadziwikanso ndi khalidwe: mukasiya kuputiza amachedwa kutsika, ndipo mukawagoneka cham'mbali kulira kumasintha. Akapezeka kuti sakuba, pitani pa kabuleta. Pali timasikuluwu titatu, H wa mafuta a pa liwiro lalikulu, L wa mafuta a pa liwiro laling'ono, ndi T wa liwiro la injini ikamalira yosaputizidwa (pa Stihl kachitatuko amalemba LA). Tsekani H ndi L mofatsa mpaka tifike, osakanikiza, kenako bwezani kalikonse ulendo umodzi. Apa ndi poyambira chabe. Injini ikatentha, putizani mpaka pamapeto kwa kamphindi. Izimveka ikubwatabwata pang'ono, ndipo tcheni chikangolowa mumtengo kulira kuyere. Ikamalira mosalala ngati udzudzu isanakhudze mtengo, H mwamutseka kwambiri. Ambiri amakonda kulira kumeneku poganiza kuti ndi mphamvu, chonsecho ndi kulira kwa maliro. Mutsegulireni pang'ono.

Pali chinanso. Kunyanja n'kotsika, pafupifupi mamita 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wokhuthala kuposa wa ku Dedza kapena ku Chikangawa. Makina ochunidwa bwino kumapiri akatsikira kwanuko amafuna kuti H atsegulidwe pang'ono.

Za mafuta: oilo akhale wa 2-stroke wa injini zozizira ndi mphepo. Uja wa injini za maboti, wolembedwa TC-W3, anapangira injini zozizira ndi madzi, ndipo tikudziwa kuti ku Monkey Bay ndi amene ali pafupi, koma musamuthire. Oilo wabwino wa kampani amasakaniza 50:1, kutanthauza 100 ml pa malita 5 a petulo. Pa makina a m'katoni ife timakonda 40:1, yomwe ndi 125 ml pa malita 5. Yezani ndi sirinji kapena kabotolo ka mizere, osati ndi maso. Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa timphira ta m'kabuleta ndi mapaipi. Sakanizani wokwanira milungu iwiri kapena itatu, ndipo makina akamakhala nthawi osagwira ntchito, khuthulani thanki muwalize mpaka azime okha.

Silinda yachiwiriyo musaitaye msanga. Nthawi zina zooneka ngati mikwingwirima ndi aluminiyamu wa pisitoni amene wamatirira pakhoma, ndipo amachoka ndi sandipepala. Mukapala, yendetsanipo chikhadabo. Chikakodwa mumzere, yatha. Chikadutsa, gulani pisitoni yokha. Tsukaninso zipsepse za silinda, utuchi wonyowa ndi oilo ukamatirira pamenepo mphepo sidutsa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala.

FUNSO: Oilo wa tcheni wadula. Kodi ndingamathire oilo wakuda wochotsa m'galimoto? (Mayi ogulitsa nkhuni, Chimwala)

YANKHO: Ayi mayi. Oilo wakuda ali ndi timinyenyeswa ta chitsulo timene timadya pampu ya oilo ndi msewu wa bar (chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo), komanso samata, amangouluka tcheni chikamathamanga. Ndi woipanso pakhungu. Zikavuta, oilo wa injini watsopano wa SAE 30 aposa wakudayo. Kuti muone ngati pampu ikugwira, lozetsani nsonga ya bar pa chitsa choyera n'kuputiza: paoneke kamzere ka oilo.

FUNSO: Timapanga mabwato a matabwa ku Malindi. Tikamacheka matabwa ndi chainsaw, imakhotera mbali imodzi ndipo imatulutsa utuchi ngati ufa. Tcheni sichinathe mwezi. Tatani?

YANKHO: Abambo, utuchi wonga ufa ndiye kuti tcheni chabuntha, kapena timitu ta kutsogolo kwa mano tatalika moti dzino silikuluma. Timitu timeneti tikhale totsika ndi 0.65 mm kuchokera pamwamba pa dzino, ndipo titsitseni ndi tupa yafulati mukanola katatu kapena kanayi. Osatsitsa mopyola, makina amayamba kudumpha n'kubwerera kumaso.

Kukhota kumabwera chifukwa mano a mbali imodzi ndi aatali kuposa enawo. Dzanja la munthu limanola mwamphamvu mbali imodzi osadziwa. Pezani dzino lalifupi kwambiri, ena onse alingane nalo, ndipo muziwerenga maulendo a tupa pa dzino lililonse. Tupa ikhale ya muyeso wa tcheni: 4.8 mm pa tcheni cha .325, 5.2 mm pa 3/8 ya Stihl, 5.5 mm pa .404. Podula mtengo mopingasa mano amanoledwa pa madigiri 30, koma pocheka matabwa motsatira mtengo nolani pa madigiri 10. Thabwa limatuluka losalala ndipo ntchito yopala imachepa.

Mano akalingana koma n'kumakhotabe, ikani sikweya pa milomo iwiri ya bar. Umodzi ukatsika, linganizani ndi tupa yafulati, ndipo muzitembenuza bar nthawi iliyonse mwachotsa tcheni. Onaninso kuti tcheni cha 1.5 mm sichinalowe mu bar ya msewu wa 1.6 mm, chifukwa chimagwedera n'kupendekera. Chipika chimene chakokedwa pamchenga chisendeni khungwa pomwe mudutse, pakuti mchenga umabunthitsa tcheni pa mphindi zochepa.

Kucheka matabwa kumaputiza injini nthawi yaitali osapuma, choncho H akhale wotseguka pang'ono kuposa podula nkhuni, ndipo mukamaliza thabwa isiyeni ilire pansipansi kwa mphindi imodzi musanazimitse. Za mitengoyo, Namizimu ndi Phirilongwe ndi nkhalango zotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limalola kulanda zida zogwidwa podula popanda chilolezo. Musanagule chipika cha mbawa kapena mlombwa, wogulitsayo akuonetseni pepala la ku ofesi ya zankhalango.