Mapangano a malonda a atsamunda anathera kuti titalandira ufulu? Yankho kwa mayi a kwa Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a kwa Kamwendo amene amapanga geni yokaoda katundu ku Chipata kudzera pa boda ya Mchinji. Akuti anatsutsana ndi amalume awo, amalumewo akuti mapangano a malonda amene tikuyendera lero ndi a azungu omwe aja sitinasinthe kanthu, pomwe mayiwa amaganiza kuti pa 6 July 1964 zonse za atsamunda zinafafanizidwa. Ndiye akufunsa kuti zoona zake ndi ziti.

Mayi, nonse awiri mwagwirapo penapake. Mfundo yaikulu ndi yakuti dziko lomwe langotuluka mu utsamunda silikakamizidwa kusenza pangano lomwe wina anasainira m'dzina lake osalifunsa. Ganizirani mwana wamasiye amene munda wake umayang'aniridwa ndi munthu wina, munthuyo n'kupangana ndi vendala kuti mtedza wonse wa m'mundamo azigula iye pa mtengo wakutiwakuti, ndiye mwana uja akakula natenga khasu lake ali ndi ufulu wonena kuti ine sindinalipo. Mfundoyi inalembedwa mu pangano la mayiko lotchedwa Vienna Convention la 1978 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1996, ngakhale mayiko amene analowamo ndi ochepa. Komatu pomwe imalembedwa nkuti mayiko a mu Africa atayamba kale kuchita zimenezi.

Ghana mu 1957 ndi Nigeria mu 1960 anagwirizana ndi Britain kuti atenga mapangano akale. Koma Julius Nyerere, Tanganyika (yomwe lero ndi mbali ya Tanzania) italandira ufulu mu December 1961, anakana njira imeneyo. Analembera United Nations kuti mapangano a pakati pa mayiko awiri awalemekeza kwa zaka ziwiri zokha, ndipo amene akufuna kuti pangano lake lipitirire abwere akambirane, apo ayi lithera pomwepo. Sikuti anali makani chabe ayi. Mu 1921 Britain inapatsa Belgium malo pa doko la Dar es Salaam ndi ku Kigoma kuti azidutsitsirapo katundu wa ku Congo mpaka kalekale, lendi yake franc imodzi pa chaka. Franc imodzi mayi! Mlendo kubwereketsa khonde la nyumba yanu kwa mlendo mnzake mpaka muyaya, inu eni ake muli pomwepo. Ine ndikawerenga zimenezi mtima umandiwawa ndithu.

Ife a Malawi tinatsata njira yofanana ndi ya Nyerere, boma la Dr Banda linalemba mu 1964 momwemo kuti mapangano akale tiwatsata kwa kanthawi uku tikuwaunika. Anzathu a ku Zambia komwe mumakaodako anaitembenuza, iwo mu 1965 anati pangano lililonse liwerengedwe kuti likadali lamoyo mpaka atanena okha kuti lafa. Mayiko awiri oyandikana, onse ochokera mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinatha mu 1963, Achewa ndi Angoni mbali zonse, koma njira zosiyana.

Nanga bwanji osangowotcha zonse tsiku limodzi? Chifukwa fodya wa ku Kasungu ndi tiyi wa ku Mulanje ankafunikabe msika m'mawa mwake, ndipo dziko lopanda doko ngati lathu silingadzuke n'kunena kuti silikudziwa za njanji yopita ku Beira. Pangano la malonda limayenda ndi mbali ziwiri, mukataya lanu winayonso amakutsekerani chipata. N'chifukwa chake mu 1964 momwemo tinalowa mu GATT, mgwirizano wa malonda wa dziko lonse uja unadzasanduka WTO mu 1995, ndipo tinalowera pa khomo lapadera lomwe anasiyira mayiko ochoka mu utsamunda, osayambanso kukambirana za misonkho kuchokera pansi.

Tsopano apa ndi pamene amalume anu akunena zoona. Alipo mapangano a nthawi ya chitaganya amene anapulumuka. Pangano la kasitomu la 1956 lomwe linapangidwa Botswana isanakhale Botswana, ikadali Bechuanaland, lakhala likutchulidwabe ngati pangano la malonda pakati pa ife ndi iwo. Koma lomwe limandisowetsa tulo ine ndi la misonkho la 1955 pakati pa Britain ndi chitaganya, lomwe limanena kuti kampani ya ku Britain ikapanga phindu kuno msonkho udulidwa kuti ndipo wochuluka bwanji. Mu 2016 bungwe la ActionAid linachita kampeni poti panganoli linali likugwirabe ntchito ndipo limamanga manja boma lathu pa ndalama zomwe makampaniwo amatumiza kwawo. Tangoganizani, inu pa boda kuwerengetsedwa makatoni a sopo mmodzimmodzi dzuwa likuswa mtengo, pomwe ndalama zikuluzikulu zikuyendera pepala lomwe linasainidwa Dr Banda asanabwerere n'komwe kumudzi mu 1958. Koma ndinene mosabisa, limeneli silinakhale chifukwa ufulu unalephera kulipha ayi, linakhala chifukwa maboma athu omwe, limodzi pambuyo pa linzake, analivomereza n'kulisiya choncho. Mphamvu yokambirananso kapena kulithetsa tinali nayo kuyambira 1964, ndiye pamenepa ofunika kufunsidwa ndi aphungu athu ndi a ku unduna wa zachuma.

Chimodzi chokha musasakanize, za malire. Mwana wamasiye uja akhoza kukana vendala koma nkhadze za m'malire a munda sazula. Mu July 1964 ku Cairo mayiko a mu OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, anagwirizana kulemekeza malire omwe anawapeza polandira ufulu, n'chifukwa chake pa nkhani ya nyanja ndi Tanzania ife timagwirabe pangano la Heligoland la 1890 lomwe anapanga ndi Britain ndi Germany.

Za geni yanuyo tsono, zomwe mumayendera pa Mchinji si za azungu. Fomu yachidule ija ya amalonda ang'onoang'ono, imene amaitcha STR, inabwera ndi COMESA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 pa msonkhano wa ku Lilongwe konkuno, ndipo boda yoimira pamodzi ya Mchinji ndi Mwami anaitsegula a Chakwera ndi a Hichilema mu December 2022. Mukamawolokanso mufunse pa desiki yothandiza amalonda kuti akuonetseni mndandanda wa katundu yemwe Malawi ndi Zambia anagwirizana, muone ngati wanuyo alipo, ndipo amalume aja mudzawatenge tsiku lina akaone okha pepalalo kuti pamwamba pake palembedwa dzina la ndani.