Funsani Aphunzitsi: Mzere wa ukapolo ku America

Funso: Aphunzitsi, ndili mu Fomu 4 ndipo kwathu ndi ku Lizulu, komwe msewu wa M1 ndiwo malire athu ndi Mozambique. Ndidamva kuti ku America adajambula mzere wolekanitsa madera a ukapolo ndi madera a ufulu. Zidayenda bwanji, nanga n'chifukwa chiyani zidathera ku nkhondo?
Mtsikana wa ku Lizulu, Ntcheu

Yankho: Mwana wanga, mzerewo udalipodi. Kumapeto kwa 1819 dziko la United States lidali ndi zigawo 22, theka zololeza ukapolo (za kummwera), theka zoukana (za kumpoto). Chigawo chilichonse chimatumiza aphungu awiri ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, ndiye pamene Missouri idapempha kulowa ngati chigawo chatsopano ndi akapolo ake, a kumpoto adaona kuti mavoti apendekera kummwera. Mu 1820 adagwirizana kuti Missouri ilowe ndi ukapolo, Maine ilowe yopanda, ndipo pa malo ena onse omwe adagula kwa France mu 1803, ukapolo uletsedwe kumpoto kwa mzere wa 36°30'.

Iwe umadumpha msewu kukagula kachewere tsidya linalo n'kubwerako uli mfulu yemweyo. Ku America mzere unkanena ngati mwana wobadwa angagulitsidwe kapena ayi.

Nkhondo yolimbana ndi Mexico, ya 1846 mpaka 1848, idabweretsa malo ambiri atsopano, mkangano n'kuyambiranso. Texas, chigawo cha ukapolo, inkati mbali yaikulu ya New Mexico ndi yake. Mu 1850 adapangananso, phungu wa ku Senate Henry Clay atayambitsa ganizolo: Texas idasiya malowo n'kulandira madola 10 miliyoni, California idalowa yopanda ukapolo, ndipo msika wa akapolo mumzinda wa Washington udatsekedwa.

Koma pamgwirizano womwewo padali lamulo limene limandiwawa mtima ndikamaliphunzitsa. Kapolo wothawira kumpoto ankayenera kugwidwa n'kubwezedwa, osaloledwa n'kudziyankhulira komwe pamlandu wake. Woweruza ankalandira madola 10 akamubweza kwa mbuye wake, koma madola 5 okha akamumasula. Womubisa kapena kumuthandiza kuthawa ankalipitsidwa chindapusa, mwinanso kumangidwa. Tangoganiza, mwanawe. Anthu ankagawana mavoti ndi minda ya thonje, koma akapolowo, omwe pofika 1860 adali pafupifupi 4 miliyoni, palibe adawafunsa maganizo. Ine mgwirizano wotere sindiutcha mtendere.

Zotsatira zidabwera mothamanga. Mu 1854 lamulo la Kansas ndi Nebraska lidafafaniza mzere uja, n'kuti okhala m'deralo avote okha ngati akufuna ukapolo kapena ayi. Ku Kansas anthu adaphana. Mu 1857, pamlandu wa Dred Scott, kapolo yemwe adapempha ufulu wake kukhoti, khoti lalikulu lidagamula kuti munthu wakuda si nzika, komanso kuti nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'madera atsopano. Abraham Lincoln, yemwe ankakana kuti ukapolo ufalikire, atasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1860, zigawo za kummwera zidayamba kupatuka. Nkhondo ya pakati pa kumpoto ndi kummwera idabuka mu 1861, ndipo ukapolo udathetsedwa m'malamulo a dzikolo mu 1865.