Kodi mwana wa zaka 11 angayendetse kwadi ya kumunda?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku Katoto kuno ku Mzuzu, ndipo ali ndi munda wa chimanga ndi nthochi m'mapiri a kumbali ya ku Choma. Akuti achimwene awo amene amagwira ntchito ku Johannesburg awatumizira njinga yamoto ya matayala anayi, imene ambiri timangoitcha kuti kwadi, ya injini ya 400cc, kuti iziwathandiza kututa feteleza ndi zokolola m'malo amene galimoto siyifika. Chifikireni njingayo, mwana wawo wamwamuna wa zaka 11 sakugona tulo, akungopempha kuti aphunzire kuyendetsa. Bambowa akufunsa zinthu zitatu: msinkhu woyenera ndi uti, ngati helemeti ndi yokwanira kumuteteza, komanso ngati kuli bwino kuti azinyamula mlongo wake wa zaka 7 pambuyo, popeza chishalo chake n'chachitali. Anamaliza ndi mawu akuti mnyamatayo amapalasa njinga yakapalasa mwaluso kuposa asakaramento (akabaza a njinga zakapalasa) ena a m'tauni muno, ndipo anandikumbutsa mwambi wa makolo woti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Bambo, zikomo kwambiri pofunsa musanamupatse kiyi. Ndiyankha mosapita m'mbali: kwadi imene mwalandirayo mwana wanu asayendetse, ngakhale pabwalo la pakhomo, ngakhale inu muli pomwepo, kufikira atakwanitsa zaka 16. Ndikudziwa kuti yankho limeneli silikoma m'makutu mwa kholo limene likuona luso la mwana wake, choncho ndifotokoza chifukwa chake mwatsatanetsatane.

Ndiyambire pa mwambi umene mwautchula, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse. Nzeru ya mwambiwu ndi yakuti mwana amaphunzira bwino akadzionera yekha, ndipo imagwira ntchito pamene cholakwacho chili chobwezeka: nyanga ikafota m'manja, mwana amalira, n'kusiya, mawa n'kudzuka ali ndi nzeru. Kwadi siyipereka mpata wotere. Ya injini ngati yanuyo imalemera makilogalamu pakati pa 250 ndi 300, kutanthauza matumba asanu kapena asanu ndi limodzi a feteleza, pamene mwana wa zaka 11 kawirikawiri amalemera makilogalamu pakati pa 30 ndi 40. Ikagubuduzika n'kumupsinja pachifuwa, mwanayo sangathe kuikankha, ndipo amabanika m'mphindi zochepa ngakhale kuti sanathyoke fupa lililonse. Apa ndiye pamene funso la helemeti likuyankhikira. Helemeti ndi yofunika kwa aliyense wokwera, ndipo imapulumutsa ambiri ku kuvulala kwa m'mutu, koma siyiteteza nthiti, siyiteteza fupa la msana, komanso siyichotsa chitsulo chimene chagona pachifuwa.

Chimene chimanyenga makolo ambiri ndi matayala anayiwo. Munthu akaiona itaima amaganiza kuti ndi yokhazikika ngati galimoto, ndiponso kuti ndi yabwino kuposa njinga yamoto ya kabaza imene imagwa ukangoisiya. Koma kwadi ndi yaitali m'mwamba, yopapatiza m'mbali, ndipo woyendetsa amakhala pamwamba penipeni, motero kulemera kwake kuli kumwamba. Zambiri mwa izo matayala awiri akumbuyo ndi olumikizidwa ndi chitsulo chimodzi ndipo amazungulira pa liwiro lofanana, choncho pokhota pamafunika kuti tayala la mkati litsetsereke pang'ono, zimene zimatheka woyendetsa akapendekera thupi lake mkati mwa kona uku akuponda mwamphamvu popondera pa kunja. Pokwera chitunda ayenera kusunthira kutsogolo, potsika asunthire kumbuyo, podutsa m'mbali mwa phiri apendekere kumtunda. Thupi la munthu wamkulu ndilo limalepheretsa makinawo kutembenuzika. Mwana wanu angadziwe zonsezi m'mutu, angazichite molondola, koma thupi lake n'lopepuka kwambiri moti kwadiyo siyimumva. Luso la njinga yakapalasa silimuthandiza pano, chifukwa njingayo ndi yopepuka kuposa iye ndipo ndi iye amene amailamulira, pamene pa kwadi zinthu zatembenuka.

Chishalo chachitalicho chinapangidwira kusuntha kumeneku. Si malo a munthu wachiwiri. Mlongo wake akakhala pambuyo, woyendetsa amasowa kosunthira, kulemera kumapita kumbuyo, ndipo pa chitunda matayala akutsogolo amadzuka. Kwadi zopangidwira anthu awiri zilipo, ndipo zimakhala ndi mpando wina, zogwirira ndi popondera pake. Ngati yanu ilibe zimenezi, mupezapo chomata chokhala ndi chithunzi choletsa kunyamula munthu. Lamulo limeneli likukhudza inunso, bambo, tsiku limene mwana wamkaziyo adzakupempheni kuti mumukweze pamiyendo pochokera kumunda.

Ndinadzionerapo ndekha mmene zimachitikira, pa munda wina cha kunjira ya ku Nkhata Bay, m'mwezi wa Epulo mvula yamawawa itagwa usiku wonse. Woyendetsa anali bambo wamkulu wozolowera, atamanga matumba awiri a chimanga pambuyo, akudutsa m'mbali mwa mtsetse pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi. Tayala la kumtunda linakwera pa kachitsa kobisika m'udzu, la kumunsi n'kumira m'dothi lofiira lija loterera ngati sopo, ndipo ndisanamalize kukuwa kwadiyo inali itagona chammbali, matayala akuzungulira m'malere. Bamboyo analumphira kumtunda, n'kupulumuka ndi mabala a m'manja okha. Chimene sindiiwala n'chakuti tinafunika amuna atatu kuti tiidzutse, tikuterereka m'matope, tikupuma mwawefuwefu. Ndinayang'ana malo amene inagonapo, pomwe chogwirira chinaboola dothi ngati khasu, ndipo ndinaganiza za mwana amene akanakhala pansi pake, kumunda kopanda munthu wina pafupi. Minda yathu kuno kumpoto ndi ya m'mapiri, yodzaza ndi mizere, zulu, zitsa ndi ngalande, ndipo mvula imachedwa kusiya. Ndi malo enieni amene kwadi imagubuduzikira.

Za msinkhu, tiyeni tione kumene makinawa akhala nthawi yaitali. Ku United States, kampani ya Honda inayamba kugulitsa njinga za matayala atatu mu 1970, ndipo Suzuki inatulutsa ya matayala anayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Za matayala atatu zija zinapha ndi kuvulaza anthu ambiri, makamaka ana, moti mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma kuti asiye kuzigulitsa. Koma za matayala anayi sizinathetse vutolo. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, linawerengera ana oposa 3,000 osakwana zaka 16 amene anafa pa ngozi za makinawa kuyambira mu 1982 kufika mu 2017, kutanthauza pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu alionse amene anafa, ndipo ambiri mwa anawo anali pa kwadi za akuluakulu. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ana m'dzikolo, la American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 16 asayendetse kwadi ya mtundu uliwonse. Chigawo cha Massachusetts, ku United States komweko, chinakhazikitsa lamulo mu 2010 loletsa ana osakwana zaka 14 kuyendetsa, kupatula pa mipikisano yovomerezeka, ndipo a zaka 14 mpaka 16 analoledwa pa injini zosaposa 90cc zokha, wamkulu akuwayang'anira. Ku Britain malamulo a zaulimi amaletsa mwana wosakwana zaka 13 kuyendetsa kwadi pa ntchito ya kumunda. Ku Australia, kumene alimi ambiri afa atapsinjidwa, kuyambira mu Okutobala 2021 kwadi yatsopano iliyonse ya ntchito iyenera kukhala ndi chitsulo choimirira kumbuyo kwa chishalo, chimene chimasiya mpata pansi makinawo akatembenuzika. Malire ake ndi osiyana dziko ndi dziko, koma onani kuti pa malire a msinkhu amene ndatchulawa palibe pamene mwana wa zaka 11 akuloledwa pa injini ya 400cc.

Opanga makinawa nawonso, ngakhale kuti amafuna malonda, amalemba pa kwadi za akuluakulu kuti wosakwana zaka 16 asayendetse. Yang'anani pa pulasitiki ya pamwamba pa matayala a yanuyo. Ngati chomatacho sichinafufutike, mupeza nambala 16 itadulidwa ndi mzere. Kwa ana anapanga zing'onozing'ono. Kale ankazigawa potengera injini: yosafika 70cc kwa a zaka 6 kupita m'tsogolo, ya 70cc mpaka 90cc kwa a zaka 12, ndipo yoposa 90cc kwa a zaka 16. Masiku ano amazigawa potengera liwiro, ndipo ya ana a zaka 10 imatuluka kufakitale itatsekedwa kuti isapose makilomita 24 pa ola, ngakhale kuti kholo likamasula kabawuti ka pa chogwirira imatha kufika pa 48.

Kodi ndiye mumugulire yaing'onoyo? Maganizo anga ali kumbali ya madokotala aja, chifukwa ngakhale kwadi ya ana imalemera makilogalamu oposa 100, kuwirikiza katatu kulemera kwa mwana wanu, ndipo vuto lina silili m'thupi ayi, lili m'mutu. Mwana wa msinkhu umenewu sanafike poyeza bwino liwiro ndi mtunda, amaona chimene chili patsogolo pake chokha, ndipo anzake akamamuchemerera amaiwala zonse zimene munamuuza. Moto wa kwadi amawonjezera pokankha kachitsulo ndi chala chachikulu, ndipo munthu akachita mantha manja amafinya okha, motero mwana amene wadzidzimuka amawonjezera moto pa nthawi imene anafunika kugwira mabuleki. Komabe, ngati banja lina lasankha kugula yaing'ono, likhale lokonzeka kuti mwanayo aziyendetsa pamalo athyathyathya okha, masana, yekha pachishalo, liwiro litatsekedwa, atavala helemeti ya njinga yamoto yomukwana yomanga pachibwano, magalasi oteteza maso, nsapato zobisa akakolo, buluku ndi malaya a manja aatali, ndipo wamkulu ali chiimire pomwepo maso ali pa iye, osati ali pakhonde ndi foni m'manja. Helemeti ya bambo ake imene imagwedera m'mutu, kapena chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba chimene timaona akabaza ena atavala, sizithandiza kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene mungachite naye madzulo ano, injini ili yozima ndipo kiyi ili m'thumba mwanu. Mukwezeni, aimirire pa zopondera, muone ngati pakati pa chishalo ndi thupi lake patsala mpata wa masentimita 8. Kenako akhale pansi, akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone ngati dzanja lakutali likugwirabe popanda kudzuka pachishalo. Pomaliza afinye buleki ndi dzanja limodzi, chala chachikulu chisanachoke pa chogwirira. Ndikukhulupirira kuti pa kwadi ya kukula kumeneko alephera chimodzi mwa zitatuzi, ndipo adzakhala atadzionera yekha popanda magazi. Iyi ndiyo nyanga ya nsatsi imene mungamusemere. Atati wakwanitsa zonse chifukwa ndi wamtali, yankho silisintha, koma mudzakhala mutapeza mpata womufotokozera za kulemera kuja, ndipo mungamupemphe kuti ayese kudzutsa mbali imodzi ya makinawo ndi manja ake.

Ndikupempheninso kuti kwadiyo isamalowe m'msewu wa tala, kaya woyendetsa ndi ndani. Matayala ake ndi ofewa, a mpweya wochepa, opangidwira dothi. Pa tala amagwira kwambiri, tayala la mkati lija limalephera kutsetsereka, ndipo makinawo amatembenuzika pokhota. Onjezanipo maminibasi, malole a matabwa ochokera ku Chikangawa ndi akabaza a pa msewu wa M1, muona kuti si malo ake. Za mapepala ndi chiphaso, pitani mukafunse ku ofesi ya Road Traffic musanaitulutse pa geti. Poipititsa kumunda ndi bwino kuikweza pa lole, ikakhale komweko.

Koma ikakakhala kumunda, nkhani ya kiyi ikhale yomveka kwa aliyense. Ngozi za ana sizichitika pa tsiku limene kholo lavomera lokha, komanso masana ena pamene bambo apita kutauni, kiyi yatsala pa kwadi, ndipo wantchito akuopa kukaniza mwana wa abwana. Muuzeni wantchitoyo pamaso pa mwana kuti mwaletsa, kuti asakhale pakati. Ana a oyandikana nawo munda adzabweranso kudzaona, ndipo mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ngati tsoka litagwa, chofunika choyamba ndi kuchotsa makinawo pachifuwa msanga, kenako osamudzutsa kapena kumupinda khosi, koma kumugoneka pa thabwa mutu utagwiridwa mowongoka. Ndipo ngakhale akuoneka kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa magazi otayikira m'mimba kapena m'mutu sadziwika msanga. Kumbukirani kuti Mzuzu Central ndicho chipatala chachikulu chokhacho m'chigawo chonse cha kumpoto, ndipo kuchoka kumunda kwanu nthawi ya mvula si ulendo wa mphindi zisanu.

Mwana wanu musamuthamangitse pafupi ndi makinawo. Azikuthandizani kuyeza mpweya wa m'matayala, kuona oyilo, kutsuka matope ndi kumanga katundu molingana mbali zonse, ndipo aziona inuyo mutavala helemeti ulendo uliwonse, chifukwa akadzafika zaka 16 adzayendetsa mmene ankakuonerani. Achimwene anu a ku Johannesburg muwathokoze, ndipo muwapemphe kuti pa katundu wotsatira adzaikemo buku la malangizo a kwadiyo ndi helemeti yabwino ya saizi yanu. Mukamaliza kumuyesa mnyamatayo pa zopondera zija, mundilembere mundiuze mmene wazilandirira.