Yankho kwa mayi amene afunsa za mpikisano wa tizilombo todya poizoni

Mayi, mwafunsa ngati ndi zoona kuti kunja kuli mpikisano umene ophunzira a m'mayunivesite amapanga tizilombo todya zinyalala za poizoni, ndiponso ngati mwana wanu amene akuphunzira sayansi ku Chanco angalowe nawo n'kupanga tizilombo totsuka mtsinje wa Likangala. Mpikisanowo ulipodi, koma pa nkhani ya Likangala ndikupempha kuti tiyende pang'onopang'ono.

Dzina lake ndi iGEM. Unayamba ngati phunziro lapadera pa sukulu ya MIT ku America mu 2003, ndipo mu 2004 unasanduka mpikisano wa magulu asanu okha. Lero magulu amakhala mazana angapo ochokera m'mayiko ambiri, ndipo msonkhano wawo waukulu, umene kale unkachitikira ku Boston, unasamukira ku Paris mu 2022. Ophunzirawo amatenga bakiteriya wa m'labotale, kawirikawiri E. coli wa mtundu wofooketsedwa, n'kumuikira tizidutswa ta DNA tochokera ku zamoyo zina kuti agwire ntchito imene sanabadwe nayo.

Poizoni amene amatayidwa m'madzi sali wofanana, ndipo apa ndi pamene nkhani zambiri zoyenda pa foni zimasocheretsa anthu. Oili wakutha wa galimoto, mankhwala opopera mbewu ndi mapulasitiki ndi zinthu zomangika ndi kaboni, choncho bakiteriya wokhala ndi enzyme yoyenera (puloteni yothandiza kugaya zinthu) angathe kuziphwanya mpaka zitasanduka zinthu zosavulaza. Zimenezi si zatsopano. Ananda Chakrabarty anapanga bakiteriya wa mtundu wa Pseudomonas wophwanya mafuta, ndipo mlandu wa umwini wake unafika ku khoti lalikulu la America mu 1980. Mu 2016 akatswiri a ku Japan analengeza za bakiteriya wotchedwa Ideonella sakaiensis, amene anamupeza pamalo osonkhanitsira mabotolo akale, ndipo amaphwanya pulasitiki wa mabotolo a madzi akumwa, ngakhale amachita zimenezi mochedwa kwambiri. Koma mtovu wa m'mabatire, mercury amene ena amagwiritsa ntchito posefa golide, ndi arsenic (poizoni wopezeka mwachilengedwe m'miyala ina), palibe chamoyo chimene chingaziphwanye. Bakiteriya angathe kungozigwira m'thupi mwake kapena kuzisintha maonekedwe. Pali jini (kachidutswa ka DNA) yotchedwa merA imene imachotsa mercury m'madzi pomusandutsa mtundu wouluka, kutanthauza kuti ukapanda kumutchera, wangomusamutsa kuchoka m'madzi kupita mumpweya umene tikupuma. Bakiteriya wogwira mtovu nayenso amasanduka chinyalala cha poizoni, ndipo munthu wina ayenera kumusefa n'kukamusunga pamalo otetezeka.

Tsono taganizirani kumene Likangala amapita. Amadutsa mumzinda wa Zomba, n'kutenga zonse zimene mvula yakokolola m'ngalande za kumsika ndi m'magalaja mmene pansi pada bii ndi oili, kenako amathirira madimba ndi minda ya mpunga asanakathire m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, monga tinaonera itauma mu 1995, ndipo chilichonse chimene sichiuluka chimatsalira m'matope mmene milamba imadya, pomwe matemba a ku Kachulu ndiwo ndiwo za mabanja ambiri muno. Munthu akathira bakiteriya wosinthidwa pamlatho wa Likangala, alibe njira yomuitanira kuti abwerere. N'chifukwa chake iGEM yeniyeniyo imaletsa magulu onse kutulutsa zamoyo zosinthidwa kunja kwa labotale, ndipo kuno kwathu kuli lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa lotchedwa Biosafety Act la 2002. Thonje la Bt, limene ndi thonje losinthidwa DNA, linayesedwa kwa zaka zingapo m'minda yotchingidwa ku Bunda lisanaloledwe kufika kwa alimi, chonsecho thonje ndi mbewu yooneka ndi maso imene ungathe kuizula. Palinso vuto lina limene ophunzira sakonda kulitchula poonetsa ntchito yawo: bakiteriya woleredwa m'labotale, wozolowera chakudya chokwanira ndi kutentha kosasintha, nthawi zambiri amagonja akakumana ndi tizilombo ta mumtsinje.

Kwa ine, chitsanzo chimene mwana wanu ayenera kuchiwerenga mofatsa ndi cha gulu la yunivesite ya Edinburgh la mu 2006. Iwo anaganizira za zitsime za ku Bangladesh, kumene anthu mamiliyoni amamwa madzi okhala ndi arsenic osadziwa chifukwa alibe fungo kapena mtundu, ndipo sanayese kutsuka madziwo. Anapanga E. coli amene akakumana ndi arsenic amatulutsa asidi, asidiyo n'kusintha mtundu wa madzi a m'kabotolo, kotero kuti munthu wosapita kusukulu angathe kuona yekha kuti chitsime ichi n'choopsa. Bungwe la WHO limati arsenic asapitirire mamaikilogalamu 10 pa lita imodzi, mlingo wochepa kwambiri umene umafuna makina odula kuti uyezedwe. Bakiteriya wotereyu amakhala m'kabotolo kotsekedwa ndipo ukamaliza umamupha ndi kutentha. Masiku ano akatswiri amathanso kuumitsa zipangizo za m'kati mwa selo pakapepala popanda chamoyo chilichonse, ndipo kapepalako sikafuna firiji, chinthu chofunika kwa ife amene magetsi amatizimira.

Kodi ophunzira athu angathe? Nzeru alinazo, ndipo sindikukayika. Chovuta ndi ndalama, popeza kulembetsa gulu kumadya madola masauzande angapo, osawerengera ulendo wa ku Paris ndi mankhwala a m'labotale amene amaitanitsidwa kunja. Gulu limafunikanso mphunzitsi woliyang'anira, ndipo silikhala la ophunzira a biology okha, chifukwa pamafunika odziwa chemistry, makompyuta, ngakhale a zamalamulo amene ali pomwepo ku Chirunga.

Ndikanakhala ine, ndikanamuuza mwanayo kuti ayambe ndi ntchito imene sifuna chilolezo chosintha chamoyo. Atunge madzi m'malo angapo, kuyambira kumtunda mtsinje usanalowe mumzinda mpaka kumadimba, nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe, kuti ayeze chimene chilimo. Atengenso dothi lakuda la m'galaja n'kuona ngati muli mabakiteriya amene akudya kale oili mwachibadwa, pakuti m'malo otere amapezeka kawirikawiri. Zotsatira zake apite nazo kwa mphunzitsi wake, akambirane ngati pali poizoni mmodzi amene angamupangire choyezera, ndipo kalata yopempha thandizo la ndalama ilembedwe pambuyo pake.